Loya wa mzinda ndi wa ndani? Phunziro lochokera ku New York ya Tweed

Mzinda uliwonse womwe uli ndi khonsolo sulephera kukhala ndi milandu. Wina wagwera m'ngalande yosavindikira ndipo akufuna chipukuta misozi. Kontrakitala akuti anamanga msewu koma sanalipidwe. Wantchito akuti anachotsedwa popanda chifukwa. Wina wamanga nyumba pamalo podutsa msewu ndipo watenga chiletso kukhoti kuti isagumulidwe. Pa zonsezi pamafunika loya, ndipo loyayo ndiye amauza akuluakulu a mzinda kuti apa tilipire, apa tikane, apa musasaine. Ambiri a ife dzina la meya timalidziwa, koma tikafunsidwa dzina la loya wa khonsolo timangoyang'anana. Chonsecho ndalama zamisonkho zambiri zimatuluka kapena kupulumuka malinga ndi zomwe munthu ameneyu walemba papepala.

Ndakhala ndikuwerenga mbiri ya udindo umenewu m'mizinda ya ku America, makamaka New York, ndipo mfundo yanga ndi iyi: njira yomwe loya wa mzinda amalembedwera ntchito ndiyo imanena munthu yemwe loyayo azimuopa. Mizinda yayesa njira zitatu. Kwina meya amasankha yekha, kwina anthu amachita kuvota, ndipo kwina khonsolo imapereka ganyu kwa maloya a kunja. Njira iliyonse inabwera pofuna kukonza zomwe inzake inalakwitsa, ndipo iliyonse inadzaonetsa chilema chakechake.

Chiyambi cha udindowu ku New York

M'zaka za m'ma 1680, New York ili m'manja mwa Angerezi pansi pa bwanamkubwa Thomas Dongan, mzindawu unali ndi mkulu wotchedwa Recorder. Iyeyu ankaweruza milandu, ankakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo, komanso ankalangiza khonsoloyo pa zamalamulo. Ankasankhidwa ndi bwanamkubwa, choncho mlangizi wa mzinda anali munthu wa boma la atsamunda. Mzinda utakula, khonsolo inayamba kulemba loya wakewake, ndipo mu 1849 malamulo atsopano oyendetsera mzindawo anakhazikitsa dipatimenti ya zamalamulo. Mkulu wake, yemwe mpaka lero amatchedwa Corporation Counsel, ankasankhidwa ndi anthu pa chisankho.

Papepala zinkaoneka bwino. Loya wosankhidwa ndi anthu alibe ngongole kwa meya. Vuto linali loti pa nthawiyo munthu sankapambana chisankho ku New York popanda dalitso la magulu a ndale, ndipo lamphamvu pa onse linali Tammany Hall, lomwe linkalamulira chipani cha Democratic mu mzindawo. Mu 1865 anthu anasankha Richard O'Gorman, loya wodziwa kulankhula yemwe anathawa ku Ireland kuukira boma kwa mu 1848 kutalephereka. Ndiye anali loya wa mzinda m'zaka zomwe New York inaberedwa kwambiri.

Mmene Tweed ankabera

William M. Tweed anali mtsogoleri wa Tammany Hall. Anzake apamtima anali meya A. Oakey Hall, msungichuma wa mzinda Richard Connolly, ndi Peter Sweeny. Kaberedwe kawo kanali kosavuta kumva. Kontrakitala ankauzidwa kuti akweze bilu yake kangapo, mzinda unkalipira, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linkabwerera kwa akuluakuluwo. Chitsanzo chotchuka ndi nyumba ya khoti ya pa Chambers Street. Poyamba anavomereza kuti imangidwe ndi madola 250,000, koma inadya pafupifupi madola 13 miliyoni isanathe n'komwe.

Mu 1870 Tweed, yemwe analinso senata ku Albany, anadutsitsa malamulo atsopano oyendetsera mzinda. Malamulowa anapatsa meya mphamvu yosankha akuluakulu a madipatimenti, kuphatikizapo loya wa mzinda. O'Gorman anapitiriza ntchito, koma tsopano mpando wake unali m'manja mwa Hall. Chaka chomwecho komiti ya anthu atatu, Hall, Connolly ndi Tweed, inavomereza mabilu oposa madola 6 miliyoni, ambiri mwa iwo achinyengo.

Zinaululika mu July 1871 pomwe nyuzipepala ya New York Times inayamba kusindikiza manambala ochokera m'mabuku a msungichuma, pomwe Thomas Nast ankawaseka akuluakuluwo m'zojambula zake mu Harper's Weekly. Anthu anakwiya ndipo anafuna kuti ndalama zibwezedwe. Apa ndi pomwe funso la loya linakhala lalikulu. Ndalama zinabedwazo zinali za mzinda ndi za County ya New York. Woyenera kusumira akubawo anali loya wa mzinda. Koma loya wa mzinda anali pansi pa meya, ndipo meyayo anali mmodzi mwa oganiziridwa.

Olimbana ndi katangale, motsogozedwa ndi Samuel Tilden, anaona kuti njira ya kumeneko n'njotseka. Anapita ku boma la New York State, ndipo loya wamkulu wa bomalo anapatsa Charles O'Conor mphamvu yosumira Tweed ndi anzake m'dzina la anthu a boma lonselo. Pomwepo O'Gorman, molamulidwa ndi meya Hall, anatsegula milandu yakeyake m'dzina la County. Tilden ndi anzake anaiona milanduyi ngati yongophimba anthu m'maso, yofuna kuti akubawo anene kukhoti kuti mwini ndalama wasuma kale, ndiye boma la State likulowerera za eni.

Ndipo mfundo imeneyi inagwira. Mu 1874, pa mlandu wa People v. Ingersoll, khoti lalikulu la New York State linagamula kuti boma la State linalibe ufulu wosumira pa ndalama zomwe mwini wake anali County. Zinatengera aphungu a ku Albany kupanga lamulo latsopano mu 1875 lolola boma la State kulondola ndalama zobedwa m'makhonsolo. Ndi lamulo limeneli Tweed anasumiridwa madola 6 miliyoni. Anathawa m'manja mwa omulondera mu December 1875, anadzera ku Cuba, anagwidwa ku Spain mu 1876, ndipo anafera m'ndende ya pa Ludlow Street mu April 1878. Ndalama zomwe mzinda unapezanso zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe zinabedwa. Connolly ndi Sweeny anali atathawira kunja kalekale, ndipo Hall sanapezeke wolakwa kukhoti.

O'Gorman sanamangidwe, ndipo pambuyo pake anadzakhala jaji. Ine chomwe chimandidetsa nkhawa pa nkhani yake n'choti sizinafunike kuti iye abe. Kuti kuba kuyende, kunangofunika loya wosafunsa mafunso, ndipo zitavuta, loya womvera bwana yemwe anamupatsa mpando. Zaka pafupifupi zinayi zinatayika makhoti akukangana za yemwe ali ndi ufulu wosuma, pomwe akubawo ankasamutsa chuma chawo.

Munthu wabwino pa mpando womwewo

Mu 1875 meya William Wickham anasankha William C. Whitney, loya wachinyamata wa m'gulu la Tilden, kukhala Corporation Counsel. Anapeza mulu wa milandu ya anthu ofuna kuti mzinda uwalipire, yambiri yochokera m'nthawi ya Tweed. Whitney anakonza ofesiyo, analimbana ndi mabilu achinyengowo kukhoti, ndipo anapulumutsa ndalama zambiri za mzinda mpaka pomwe anachoka mu 1882.

Taonani kuti Whitney anasankhidwa ndi meya, monga momwe O'Gorman analili pambuyo pa 1870. Njira inali yomweyo, chomwe chinasintha ndi meya. Izi zikundiuza kuti njira yoti meya asankhe yekha imangokhala yabwino ngati meyayo ali wabwino, ndipo mzinda sungadalire mwayi wotere pa chisankho chilichonse. Ngakhale Whitney yemweyo sanali kunja kwa ndale. Anadzakhala nduna yoona za asilikali a pamadzi mu boma la Grover Cleveland mu 1885, ndipo pambuyo pake analemera kwambiri ndi makampani a sitima za m'misewu ya New York, bizinesi yomwe inkadalira zilolezo zochokera ku khonsolo yomwe anaigwirirapo ntchito. Loya wa mzinda amadziwa zinsinsi zonse za mzindawo, ndipo akachoka amapita nazo.

Anthu akamavota okha

Mizinda ikuluikulu ya ku California inasankha njira ya chisankho. Ku San Francisco, Los Angeles ndi San Diego, loya wa mzinda, wotchedwa City Attorney, amachita kuvoteredwa. Ubwino wake unaoneka ku San Francisco, komwe Louise Renne anatsogolera ofesiyi kuyambira mu 1986. Iye anaona kuti ntchito yake si kungoteteza mzinda ukasumiridwa, ndipo mu 1996 anasumira makampani a fodya pofuna kuti abweze ndalama zomwe mzinda unkawononga pochiza odwala chifukwa chosuta. Loya yemwe mpando wake unachokera kwa ovota angathe kuyamba mlandu waukulu chonchi osadikira kuti meya agwedeze mutu.

Koma San Diego inaonetsa mbali inayo. Mu 1996 ndi mu 2002 akuluakulu a mzindawo anagwirizana zoika ndalama zochepa mu thumba la penshoni la ogwira ntchito, kwinaku akukweza ndalama zomwe ogwira ntchitowo adzalandire. Ngongole ya thumbalo inapitirira madola 1 biliyoni. Meya Dick Murphy anatula pansi udindo mu 2005, ndipo mu 2006 bungwe la boma la America loyang'anira misika ya ndalama, SEC, linapeza kuti mzindawo unanamiza anthu omwe anaukongoza ndalama. Zonsezi zinayamba mzinda uli ndi loya wosankhidwa ndi anthu, ndipo chisankhocho sichinaletse kanthu.

Kenako mu 2004 ovota anasankha Mike Aguirre, yemwe ananena poyera kuti kasitomala wake ndi anthu a San Diego. Anayamba kufufuza makhansala ndi akuluakulu ena, kutulutsa malipoti owadzudzula, ndi kupita kukhoti kuti mapangano a penshoni aja athetsedwe. Pa mlandu waukuluwo makhoti sanagwirizane naye pa zambiri. Makhansala nawo anasiya kumukhulupirira. Ndani angaulule vuto lake kwa loya yemwe mawa akaitana atolankhani? Mu 2008 ovota anamuchotsa n'kuika Jan Goldsmith, jaji wakale yemwe analonjeza kuti ofesiyo ibwerere kukhala ofesi ya maloya wamba ya mzinda.

Ine sindimuona Aguirre ngati wolakwa pa zonse, chifukwa zomwe ankakalipira zinalidi zowola. Koma nkhani yake ikuonetsa kuti loya wovoteredwa ndi wandale. Amafunika ndalama za kampeni, amafunika kutchuka, ndipo nthawi zambiri maso ake amakhala pa mpando wina wapamwamba. Malangizo abwino a zamalamulo nthawi zina amakhala osasangalatsa ovota, monga kuuza khonsolo kuti mlandu uwu tiluza, tiyeni tigwirizane kunja kwa khoti.

Ganyu ya maloya a kunja

Njira yachitatu ndi yofala m'matauni ang'onoang'ono omwe sangakwanitse kukhala ndi ofesi ya maloya: khonsolo imasankha kampani ya maloya n'kuipatsa kontrakiti. Mizinda ikuluikulu nayonso imachita izi pa milandu yovuta. Pamenepa mafunso amafanana ndi a kugula katundu wina aliyense. Kodi ntchitoyo inalengezedwa? Anapikisana angati? Mtengo wake ndi wotani? Ndipo loyayo akuimiranso ndani kumbali?

Los Angeles inaphunzira funso lomalizali mowawa. Mu 2013 bungwe la mzindawo logulitsa madzi ndi magetsi linayamba kugwiritsa ntchito makina atsopano olembera mabilu, omwe anatumizira anthu ambiri mabilu olakwika. Ofesi ya loya wa mzinda inalemba Paul Paradis, loya wa ku New York, kuti asumire kampani ya PricewaterhouseCoopers yomwe inaika makinawo. Koma Paradis pa nthawi yomweyo ankaimiranso kasitomala wina yemwe anali ndi dandaulo pa mabiluwo. Iye analemba yekha chisamani chosumira mzinda m'dzina la makasitomala onse, n'kuchipereka kwa loya wina wa ku Ohio kuti akachitule kukhoti. Mlanduwo unatha mwachangu ndi mgwirizano wa madola 67 miliyoni, ndipo Paradis analandira mobisa pafupifupi madola 2.2 miliyoni kuchokera kwa loya wa mbali inayo. Kampani yake inapatsidwanso kontrakiti ya madola 30 miliyoni popanda mpikisano.

Mu July 2019 apolisi a FBI anachita chipikisheni ku maofesi a bungwe la madzi ndi magetsilo komanso ku ofesi ya loya wa mzinda. Mkulu wa bungwelo, David Wright, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 6, ndipo Paradis anagamulidwa miyezi 33 mu 2023. Munthu mmodzi anakhala mbali zonse ziwiri za mlandu umodzi, ndipo izi zinachitika mu mzinda womwe loya wake wamkulu amasankhidwa ndi anthu. Kusankha bwino mutu wa ofesi sikuthandiza ngati palibe woyang'ana momwe mutuwo ukugawira maganyu.

Zomwe anakonza

New York inakhala zaka zambiri meya akusankha yekha loya wa mzinda. Mu November 2019 ovota anavomereza kusintha malamulo a mzindawo kuti dzina lomwe meya wasankha lizivomerezedwa ndi khonsolo. Lamuloli linayesedwa mu 2024 pomwe meya Eric Adams anasankha Randy Mastro, yemwe anali wachiwiri kwa meya m'nthawi ya Rudy Giuliani. Makhansala anamufunsa mafunso poyera kwa tsiku lathunthu mu August, ambiri akuda nkhawa kuti adzakhala loya wa meya osati wa mzinda wonse. Mu September Mastro anachotsa dzina lake. Kaya makhansalawo analondola kapena ayi pa za munthuyo, chofunika n'choti funso lomwe palibe anamufunsa O'Gorman mu 1870 linafunsidwa anthu akuonera.

Ku Britain anadzera njira ina. Lipoti la komiti ya Widdicombe la mu 1986 litatuluka, lamulo la mu 1989 linalamula khonsolo iliyonse kukhala ndi mkulu wotchedwa monitoring officer, yemwe kawirikawiri amakhala loya wamkulu wa khonsoloyo. Akaona kuti khonsolo yachita kapena ikufuna kuchita chinthu chosemphana ndi malamulo, lamulo limamukakamiza kulemba lipoti kwa makhansala. Sangasankhe kungokhala chete. Ndimaikonda njirayi chifukwa siidalira kulimba mtima kwa munthu kokha. Loya wamantha angathe kuuza bwana wake kuti, pepani bwana, ndikapanda kulemba lipotili wolakwira lamulo ndikhala ine.

Ndikaphatikiza mbiri yonseyi, ndikuona zinthu zinayi zomwe zimateteza mzinda kuposa kukangana kuti asankhe ndi meya kapena ovota. Choyamba, lamulo linene momveka kuti kasitomala wa loyayu ndi khonsolo monga bungwe, osati munthu yemwe wakhala pampando lero. Chachiwiri, womulemba ntchito asakhale munthu mmodzi, ndipo womuchotsa asakhalenso munthu mmodzi. Chachitatu, maganyu a maloya a kunja azilengezedwa, ndalama zake zizidziwika, ndipo loya aliyense aziulula omwe akuwaimira. Chachinayi, pakhale khomo lina lolowera kukhoti pamene oganiziridwa kuba ali mabwana a loyayo, monga momwe lamulo la mu 1875 linachitira ku New York.

Wina anganene kuti loya wotetezedwa chonchi adzakula mutu n'kumatsekereza ntchito za anthu omwe anavoteredwa. Nkhawayi ili ndi maziko, ndipo San Diego ndi umboni wake. Koma loya amalangiza, salamula. Makhansala angathe kumva malangizo ake n'kuchita zina, bola malangizowo alembedwe ndipo zidziwike kuti anawakana ndi ndani. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mzinda umalipira loya kuti autsine khutu usanalowe m'mavuto, ndipo loya yemwe ntchito yake ingathe ndi foni imodzi sadzatsina khutu la woimba foniyo.

Nanga kwathu kuno?

Malawi si America, ndipo makhonsolo athu amayenda mosiyana. Meya wa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba amasankhidwa ndi mamembala a khonsolo, pomwe ntchito za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi mkulu wa khonsolo pamodzi ndi ogwira ntchito ake. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 litasinthidwa mu 2010, mphamvu yosankha mkulu ameneyu inapita kwa nduna. Tisaiwalenso kuti kuyambira mu 2005 mpaka 2014 makhonsolo athu analibe makhansala ovoteredwa, kutanthauza kuti kwa zaka pafupifupi 9 panalibe woimira anthu woti afunse kuti kontrakiti iyi inasainidwa pa malangizo a ndani.

Choncho funso la O'Gorman ndi lathunso. Loya wa khonsolo akaona pepala lokayikitsa la malo kapena la kontrakiti, amakanena kwa ndani? Ngati wolakwayo ndi bwana wake, ali ndi kwina kopita? Khonsolo ikalemba maloya a kunja, imatsata lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma monga imachitira pogula simenti?

Mafunsowa tili nawo ufulu wowafunsa. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Wophunzira aliyense angathe kulembera khonsolo ya kwawo n'kufunsa kuti ili ndi milandu ingati kukhoti, inalipira ndalama zingati chaka chatha pa milandu yomwe inaluza, maloya a kunja omwe inalemba ndi ati, ndipo anasankhidwa bwanji. Kwa anzanga omwe mukuphunzira zamalamulo, ena mwa inu mudzakhala pa mipando imeneyi zaka zikubwerazi. Musanasaine kalata ya ntchito, dzafunseni kuti angakuchotseni ndi ndani, ndipo pa zifukwa ziti.